Laputopu ya asisi inanditchula "failed"

Inu owerenga, ndivomere poyambirira pomwe: ndinamenyana ndi laputopu, ndipo wogonja ndinali ine. Ndine mnyamata wa ku Mtendere, ndimawotcherera mageti ku Kalingalinga. Zoti ndine wamtima wapachala aliyense pakomboni amadziwa. Sukulu ndinaisiyira giredi naini, tsiku limene aphunzitsi ankawerenga zotsatira za mayeso pamaso pa kalasi yonse, ndipo atafika pa dzina langa anafuula liwu limodzi lachingerezi: failed. Chichokereni tsiku limenelo, ndikangolimva liwuli m'mutu mwanga mumayaka moto.

Kwathu amene anapitiriza sukulu ndi asisi anga, ba Misozi. Ankaphunzira unamwino, ndipo nthawi imeneyo n'kuti akulemba lipoti lalikulu lomalizira maphunziro, ntchito ya miyezi yambiri, yonse ili mu laputopu yawo. Loweruka lina anapita kumaliro kwa masiku atatu, n'kundisiyira makinawo kuti ndisunge. Kusunga basi.

Koma kunali mpira. Mnzanga wa kuntchito anandipatsa fulashi, kaja kosungira mafayilo kobaya pakompyuta, akuti muli pulogalamu yoonerera mpira wakunja ulele. Nditaiika, antivairasi, mlonda uja wa m'makina, inakana. Kachiwiri inakananso. Ine kubwezedwa pakhomo ndi mlonda wopanda ndi chibonga chomwe? Antivairasiyo ndinaizimitsa. Mpira ndinaonera, timu yanga n'kugonja.

M'mawa mwake laputopu inayamba kuchedwa ngati minibasi yodikira anthu pasiteji. Pagalasi pankangotumphuka zotsatsa mankhwala a dazi, ine tsitsi lili tho. Kenaka inayamba apudeti, kuja makina amadzikonza okha kutseka mipata yolowera mavairasi. Inayenda pang'ono, n'kuima, n'kubwerera m'mbuyo. Panatuluka chiganizo chachitali. Mawu enawo sindinawamve, koma lomaliza ndinalidziwa ngati dzina langa: failed.

Ndinacheuka kuona ngati muli munthu m'nyumbamo. Munalibe. Ndinayambitsanso. Failed. Kachitatu ndinaiyankha mokweza kuti wafeluka ni iwe na banja yako yonse, mpaka amayi oyandikana nafe anasuzumira pawindo kufunsa ngati ndabweretsa mkazi.

Pantchito yathu chitsulo chikakana timachimenya, ndipo chimamva. Laputopuyo ndinaipatsa mbama ziwiri. Itayambanso apudeti, n'kulemba kuti ndisaizimitse, ndinati sindingalamulidwe ndi chinthu chochita kuchajidwa. Ndinakanikiza batani mpaka inazima. Nditaiyatsanso, galasi linangoti bii, kachizindikiro kokha kakuzungulira ngati kandiseka.

Ba Misozi atabwera sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoinyamula, ine pambuyo pawo ngati mbuzi yopita kumsika, mpaka kwa ba Chanda, bambo wokonza makompyuta m'kantemba ka pafupi ndi kwathu. Iwo atafufuza anati vairasi inalowera mu fulashi ija, ndipo ndiyo inkatsekereza apudeti kuti mpata wake usatsekedwe. Failed uja sankanena ine. Makina ankadandaula kuti alephera kumwa mankhwala. Ndikanachotsa intaneti, kuyatsanso antivairasi kuti isese, n'kukopera lipotilo pamalo ena, nkhani ikanathera pomwepo. Koma kuzimitsa pakati kuja, kuphatikiza mbama zanga, kunavulaza chosungira mafayilo.

"Mwana adwala, akuuza ati mankhwala yakana, iwe wamuchaya mbama?" anandifunsa ba Chanda. "Mwaiche, mnyamata iwe, iyi si geti."

Mwa mitu isanu ya lipoti anapulumutsa iwiri yokha, ndipo kunatsala masabata awiri kuti liperekedwe. Likanapanda kupita, asisi akanabwereza chaka chonse chifukwa cha mpira umene tinagonjanso. Mwayi wake, iwo amayamba alemba pamanja m'makope. Anandiponyera makopewo pamiyendo.

"Iwe uzawerenga, ine nizataipa."

Inu owerenga, mundimvere chisoni. Masabata awiri, ndikaweruka kuntchito, ndinkakhala pakhonde kuwerenga mokweza Chingerezi cha anamwino, mawu aatali ngati njanji. Mutu wachinayi unali wa matenda otsegula m'mimba, ndipo amayi aja oyandikana nafe, atamva ndikulitchula liwu lake kangapo, anandibweretsera madzi a mchere ndi shuga m'kapu. Ndikalakwitsa katchulidwe, ba Misozi, osakweza ndi mutu womwe, ankangoti, "Failed. Bweza." Ndipo ndinkabwereza, manja nditawakhalira.

Lipoti linapita pa tsiku lake, ndipo asisi anakhoza. Ine mpaka lero ba Chanda akandiona amabisa makina awo kuseri kwa tebulo.

Choncho anzanga amtima wapachala, musamachotse mlonda pakhomo chifukwa cha zaulele. Apudeti ikakana kawiri katatu, dziwani kuti mwina muli chilombo m'katimo, pitani nayo kwa odziwa. Ikanena kuti musaizimitse, khalirani manja anuwo. Ndipo mukaona liwu limene mukulidziwa pagalasi, pemphani wina akuwerengereni enawo. Chiganizo chija chinali ndi mawu ambirimbiri. Ine ndinamvapo limodzi lokha, ndipo ndi limene ndinamenyera wodwala.