Mphanda za Chigafa cha Bambo

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene bambo anatuluka m'chipatala cha kuboma, komwe chifuwa chachikulu chinawagoneka dzinja lonse. Anapita ali chimunthu chonyamula belo la fodya chokha. Amene anatsika pa njinga ya amalume kwathu ku Lisasadzi anali mafupa okhaokha, tsitsi lapyapyala, mawu osasa. Amayi atati ndikawapatse moni, ndinakana.

"Awa si bambo anga. Abwezeni komwe mwawatenga!"

Mtima wapachala ndinabadwa nawo, sindibisa. Amayi anathyola kamtengo kuti andikwapule, koma munthu uja anati, "Musiyeni, amake Limbani. Mawa akandithandize kuchigafa."

M'mawa tinalowa m'chigafa chathu choyanikamo fodya, fungo la masamba a chaka chatha likadali m'udzu. Mphanda imodzi yochirikiza denga inali itadyedwa ndi chiswe. Ine ndi ukali wanga ndinayamba kuigwedeza kuti ndiizule.

"Iwe, ukufuna denga likugwere? Zika yatsopano pambali, ilandire katundu, kenako uzule yowolayo."

Tinatero. Akupumira m'mwamba, anandifunsa amene anamanga chigafacho. Ndinati agogo.

"Ndilozere mtengo umodzi umene agogo ako anaugwira."

Ndinayang'ana paliponse. Udzu tinkafolera chaka ndi chaka, mphanda zonse ndinaziona zikusinthidwa ndi maso angawa. Panalibe. Koma mudzi wonse unkachitchulabe chigafa cha agogo. Ndinangoyang'ana mmene munthu uja ankamangira luzi: kukulunga, kukoka nsonga ndi mano, kenako kulavulira kumanzere. M'mudzi monse munalibe wina womanga choncho kupatula bambo anga.

"Bambo, ndigwire pati?"

Sanadzutse mutu, koma anandilozera pogwira.

Kusekondale, aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti thupi limapangidwa ndi tinthu tosaoneka totchedwa maatomu, ndipo tinthu timeneti sitikhalitsa m'thupi. Tatsopano timalowa ndi chakudya, madzi ndi mpweya, takale n'kumatuluka, mwakuti pakapita zaka mbali yaikulu ya munthu imakhala yatsopano. Anzanga anati ndi bodza. Ine ndinangoona chigafa chija.

Lero imvi zayamba. Mwana wanga Chisomo amabisala kuseri kwa chitseko ndikangokweza mawu, ndipo achibale amati, "Alekeni, ndi mmene anabadwira." Zimenezo ndakana. Thupi limene linakalipira bambo tsiku lija linapita kalekale. Ukaliwu ndine ndakhala ndikuuzikanso pamalo omwewo chaka ndi chaka. Ndinayesapo kuuzula tsiku limodzi, denga linandigwera. Tsopano ndazika china pambali: mtima ukawira, ndimatseka pakamwa, n'kutenga khasu kupita kumunda mpaka thukuta lituluke.

Mphanda yowolayo ikadalipo, koma yayamba kugwedera. Ndiizula ndithu, Chisomo asanafike pondiloza chala n'kunena zimene ine ndinanena kwa bambo.