Mawu a Dokotala Adutse Kaye

Inu amene munalakwitsapo mpaka kuopa kuyesanso, tamverani za Eskil.

Ankagwira ntchito pakampani yaikulu ya intaneti kumpoto kwa Norway. Tsiku lina anadina polakwika pa kompyuta, mafoni a tauni yonse zii! Abwana ake, a Ragnhild, anangomulozera khomo. Anakathera kufakitale yotumbula nsomba, komwe anzake ankamuseka: "Wozimitsa tauni uja wafika, bisani mafoni!" Akangoona kompyuta, ankailambalala ndi mantha.

Koma munthuyu ngwamakani. Akaweruka, fungo la nsomba lili guu, ankabwereza maphunziro ake. Patapita zaka, kakampani kena ka intaneti ka pachilumba china kanamulemba ntchito.

Ndiye m'mawa wina nangula wa sitima anadula chingwe chachikulu cha intaneti cha pansi pa nyanja. Mauthenga onse a pachilumbapo anayamba kupanikizana pa kachingwe kamodzi kotsala, ka kampani yake yakale ija. Kuchipatala kunali mayi wovutika pobereka. Mphepo inaletsa helikopita kudzamutenga, mzamba n'kumadalira dokotala wakumtunda pa vidiyo, koma chithunzi chinkangodukaduka.

Eskil anaika chizindikiro choti mauthenga achipatala azidutsa kaye. Koma makina a kampani inayo ankachifufuta, poti makampani sakhulupirirana. Mawu a dokotala ankaima pamzere umodzi ndi mafilimu a anthu.

Panalibe kuchitira mwina. Anaimbira a Ragnhild.

"Eskil? Iweyo ndikutsegulire makina anga? Waiwala kodi?"

"Sindinaiwale, abwana. Ndikuopa mpaka pano. Koma mayiyu akutaya magazi."

"Chabwino, lowa ukonze wekha. Koma ukaphonya, chilumba chonse chizima."

Abale inu, mantha! Kuphonya pang'ono pokha, mzamba atsala yekha ndi mayi uja. Thukuta lili kamukamu, Eskil analemba, nawerenganso. Kenako anadina.

Mafilimu anayamba kugomagoma, anthu m'nyumba n'kumatukwana, koma vidiyo ya kuchipatala sinadukenso. Eskil anangokhala duu, maso pa kompyuta, osadziwa ngati wachedwa. Masana mzamba anamuimbira: "Mayi ndi mwana, onse awiri ali moyo." Pamenepo mpamene analira.

Mantha sanamuthere Eskil, ndipo anunso mwina sadzatha. Musadikire kuti athe kaye. Kwinakwake kuli munthu amene moyo wake ukudikira kuti inuyo muyesenso. Osataya mtima.