Bulauzi yoyera ya Ambuya Tikambenji

Loweruka lapitali ndinali kumaliro ku Kanakantapa, ndipo mpaka lero mtima wanga sunabwerere m'malo.

Tinkaika Ambuya Tikambenji, mayi wokalamba wa mumpingo mwathu. Kwa inu amene simudziwa, kwathu mayi wa m'gulu la azimayi akamwalira, anzake amabwera atavala yunifomu, amamuveka bulauzi yake yoyera ndi duku, n'kumuperekeza ndi nyimbo mpaka kumanda. Ambuyawa anayamba kuvala bulauzi yawo ine ndisanamere mano. Ankanena poyera kuti ng'ombe alibe, nyumba yamalata alibe, koma tsiku lawo likadzafika adzapita atavala zoyera.

Sanapite nazo.

Nkhani inayamba m'dzinja. Mvula itakula, kamtsinje ka pakati pa mudzi wawo ndi tchalitchi kanadzaza, ndipo nkhalamba za tsidya lija zinaleka kubwera ku mapemphero a Lachinayi. Mwana wa Ambuya, Amake Esinati, anatopa kuona mayi ake ali chete pakhonde, buku la nyimbo lili m'manja. Anayala mphasa n'kuitana nkhalamba zinzawo kuti azipemphera pomwepo mpaka madzi ataphwa. Mlandu wonse ndi umenewo basi.

Koma kwa akulu a mpingo kunafika zina. Akuti Amake Esinati ayambitsa mpingo wawo, akunyoza abusa, akukopa anthu. Ananena ndani? Anthu. Anamva ndani ndi makutu ake? Palibe. Komabe anawaitana, anawavula yunifomu, n'kuwauza kuti azikhala pa benchi yakumbuyo pamodzi ndi aliyense amene anakhalapo pamphasa ija, kuphatikizapo Ambuya, kufikira nkhani itafufuzidwa. Madzi anaphwa, chimanga tinakolola, nkhani ikufufuzidwabe. Ambuya anamwalira akudikira.

Azimayi anabwera ndithu pamaliro, koma atavala zitenje wamba. Amake Esinati anali atachapa bulauzi ya mayi awo, ataisita, ataipinda bwinobwino m'pepala la pulasitiki. Bokosi lisanatsekedwe, ndinawaona akugwada pamaso pa mkulu wa mpingo.

"Atate, napapata, ine nilangeni mwamene mufunila," anatero. "Koma amai banachimwa chani? Benze kuimba chabe."

"Nkhani ikali ku komiti, amai," mkuluyo anayankha, maso ali kumbali. "Tikavomela lelo, mailo bazakamba ati tavomeleza kugalukila."

Ndinamukokera pambali n'kumufunsa ngati pali munthu ngakhale mmodzi amene anamvapo mayiyu akunyoza abusa. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Ba Sakala, imwe mwabwela manjemanje pa maploti," anatero, kundikumbutsa kuti ndine mlendo m'deralo. "Nkalani bwino. Mungaoneke monga naimwe muli mu gulu yao."

Mwauona msampha wake? Munthu akanamiziridwa kuba, amati tiyeni mukafufuze m'nyumba mwanga. Nanga akanamiziridwa kuukira, aonetsa chiyani? Akakhala chete, akuti wavomera. Akadziteteza, akuti taonani mwano wake. Womuikira kumbuyo naye walowa m'gulu. Dzina la woukira silifuna mboni, limangofuna munthu mmodzi wolinong'oneza kwa wamkulu amene akuopera kale mpando wake.

Ndipo si kutchalitchi kokha. Kwerani minibasi ya ku Lusaka m'mawa, mutchere khutu. Wina anafunsa funso pamsonkhano kuntchito, pofika madzulo bwana wamva kale kuti akufuna kumulanda udindo. Wina anafunsa za feteleza ku kopaletivu, lero ndi wosokoneza anthu.

Koma kumene kukundiwawa kwambiri ndi kwa ife Akhristu. Lamulo loletsa umboni wonama tinaliloweza tili ana. Chaka ndi chaka pa Lachisanu Loyera timalira kuti Ambuye wathu anamunamizira zoukira boma, ndi kuti woweruza anaona kuti palibe mlandu koma anaopa zonena za anthu. Timapukusa mitu, kudabwa kuti anthu aja anauma bwanji mitima chotero. Tikatero timakachita zomwezo, ndipo ife timayamba ndi pemphero.

Chidakwa timachiika kumbuyo. Mtsikana wotenga mimba timamuika kumbuyo. Koma kodi munaonapo wamiseche atakhala pa benchi yakumbuyo? Ine ayi. Iye amakhala kutsogolo, atavala zoyera, chifukwa miseche yake amaitcha kuchenjeza abusa. Amene anayambitsa bodza limeneli, kaya ndani, sindikukayika kuti tinali naye pamaliro paja, ndipo anaponya nawo dothi m'manda.

Ndikanakonda kukutonthozani kuti choonadi chidzaoneka. Mwina chidzaonekadi. Mwina komiti idzakhala pansi, idzapeza kuti panalibe kanthu, ndipo Lamulungu lina Amake Esinati adzawaitana kutsogolo, anthu n'kuomba m'manja. Koma zimenezo Ambuya adzapindula nazo chiyani? Chimodzi chokha chimene anapempha pa moyo wawo wonse tinawamana, chifukwa cha mawu amene mwini wake sakudziwika. Kunena zoona, chiyembekezo choti tidzasintha chandithera.

Pochoka kumanda ndinayenda limodzi ndi Amake Esinati. Sankalira. Pulasitiki ija inali m'khwapa, bulauzi ikuonekera mkati, yosakwinyika ngakhale pang'ono. Titafika pa kamtsinje kaja, kamene tsopano ndi mchenga wokhawokha, anaima.

"Ba Sakala," anatero, "amai bananiuza ati nikabavalike ine mwine. Manje iyi nizaipeleka kuti?"

Inu amene munanong'oneza kwa akulu, yankho muli nalo?