Ndiwo za M'buluku

Akuti, ndipo amene anandiuza sanama kawirikawiri, akulu ena opopera mankhwala ku sikimu ya mpunga ya Likangala amavala ndiwo m'buluku.

Akuluwa ndi katswiri. Mbozi zikangomva pampu yawo, zimayamba kutsanzikana. Ovolosi savala, ati imatentha. Ukawachenjeza amangoti, "Mankhwala amandidziwa ine."

Koma chaka chino akwatira Abiti Sumani, ndipo apongozi akufuna chidzukulu msanga. Ndiye anamva pa wailesi kuti mankhwala ophera tizilombo amafoola mbewu ya abambo, koma makoswe aamuna amene anawayesa ndi masamba a chammwamba anapulumuka. Pofika ponena kuti makoswewo ankachita kumwa madzi a masambawo, batire inatha. Akulu anangoganiza okha kuti mlonda amakhala pamene pali katundu. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse amathyola chammwamba n'kutsendera kutsogoloku, ngati akupakira matemba m'thumba.

Loweruka anapita ku doko la Kachulu kukagula nsomba, mkazi uku, apongozi aakazi uku. Mbuzi ina inanunkhiza, n'kuyamba kuwalondola. Anaithamangitsa, inabwerera ndi inzake. Ali mkati monenerera mtengo, inalowetsa mlomo pa zipi n'kusolola kanthambi kathunthu. Doko lonse linatembenuka, kumaonerera mbuzi ikutafuna.

Apongozi anaphimba kukamwa ndi mpango. "Akamwini, kodi mwasungamo chiyani m'menemo?"

Akulu anaimirira njo, n'kukuwa mpaka a pa chilumba cha Chisi anamva: "Amayi, ndikulumbira pamaso pa mwana wanuyu, m'buluku muno mulibe chilichonse!"