Bulauzi ya Amai Tisauke

Amai Tisauke Sakala anabadwira ku Petauke, ndipo anabatizidwa akadali mtsikana. Atakwatiwa anatsata amuna awo ku mafamu a kufupi ndi Chalimbana, kumene ankasankha fodya m'shedi mpaka fumbi linawasiyira mphumu. Amuna awo atamwalira, anakhazikika ku Bundabunda ndi mwana wawo mmodzi, Olipa.

Tsiku limene anavala bulauzi ya Chigwirizano cha amai, analonjeza kuti sadzakana kulikonse kumene mpingo udzawatume. Lonjezolo analisunga, ndipo ife tinawadyera masuku pamutu. Pamaliro osambitsa anali iwo. Wodwala akasowa madzi, otunga anali iwo, uku chifuwa chikulira ngati khweru. Ankangoti, "Miyendo ni ya Mulungu, ine nabweleka chabe."

M'chaka cha 1957 chimfine chachikulu chinafika ndi anthu ochokera ku Lusaka, n'kugwetsa midzi yathunthu. Amphamvu ankagona pang'ono n'kudzuka. Osadzuka anali a zifuwa zakale, a matenda a mtima ndi nkhalamba. Ku kachipatala anamuuza Olipa mosapita m'mbali kuti chimfinecho chikawagwira amake, sadzapulumuka. Mtsikanayo anawabisira bulauzi, nawaletsa kutuluka.

Kenaka anafika mkulu wa mpingo, a Langford Mumba, amene anali atangochira kumene. Kwawo mkazi ndi ana anali gone, ndipo anadzaitana Amai Tisauke kuti akawasamalire.

"Amai sayenda," anatero Olipa ali pakhomo. "Chifuwa chao muchiziba."

"Iwe mwana, ni chimfine chabe! Ine ninadwala, lelo siniyenda? Kapena lonjezo lao linasila?"

Munthu wa mapapo abwino kuyeza mnzake ndi thupi lake! Azimai ochira analipo, koma anasankha khomo limene ankadziwa kuti sakabwezedwa. Amai Tisauke anamva ali m'nyumba, natuluka.

"Nipase bulauzi, Olipa. Nikakana lelo, ninavalila chani?"

Kwathu kuno mwana safukizidwa yekha. Wamkulu amalowa naye m'bulangeti, kumugwira pamwamba pa mphika wa masamba a bulugamu. Amai Tisauke analowa ndi ana a Mumba mmodzimmodzi, akuwatsokomolera kumaso. Ana onse anachira.

Koma Amai Tisauke chimfine chinawagwira sabata lomwelo, ndipo sichinachedwe pamphuno, chinatsikira m'chifuwa. Milomo inada, mpweya unkakanika ngakhale atakhala tsonga. Sanadandaule, sanatchule dzina la munthu. Lamulungu m'mawa, belu likulira, anatsamira paphewa la mwana wawo, napempha madzi, nagona mumtendere.

Chitsanzo chawo cha kumvera n'chowala, ndipo tizichikumbukira. Koma ndikulemba mtima ukuwawa, chifukwa ndife tinawatuma. Kumanda a Mumba analalikira mokoma kuti Mulungu waitana mtumiki wake. Olipa anaimirira pakati pa azimai a mabulauzi, osagwetsa msozi.

"Ba Mumba, osamunamizila Mulungu. Pakhomo pathu munabwela kuitana ni imwe."