Mkono umene unkalephera kufika kudengu

Ndinagwa pa kabaza Loweruka lina m'mwezi wa Juni, ndikuchokera kumsika wa Chonde. Njinga inaterereka pamchenga ndipo ndinagwera mkono wamanja. Ndinamva kuti thyo pakati pa phewa ndi chigongono. Pofika kunyumba mkono unali utatupa moti bulauzi anachita kuing'amba kuti ndivule.

Ntchito yanga ndi yothyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Mulanje. Amene sanaigwirepo amaiona ngati yophweka. Dengu limakhala kumsana, manja onse awiri amathyola nsonga, ndipo masamba akadzadza m'manja mumawaponya chammbuyo kudutsa paphewa kuti agwere m'dengumo. Mumatero tsiku lonse osacheuka. Ana anga atatu amadya kuchokera m'dengu limenelo, chifukwa bambo awo anatisiya kalekale.

Kwathu munthu akathyoka sayamba waganiza za chipatala ayi. Amaganiza za atsibweni anga a Mukhuna, mchimwene wa malemu mayi anga, amenenso ndi mwini mbumba wathu. Amanga miyendo ya mbuzi ndi ya anthu kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo ambiri akuyenda bwinobwino. Anandithowa ndi madzi otentha, anakoka mkonowo mpaka ndinaona mdima, kenako anaumanga ndi timitengo ta nsungwi ndi chitenje chakale. Anati kuchipatala akangoona kutupa koteroko athamangira kudula. Ndinawakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo mpaka lero sindiwada.

Tinamasula mu Ogasiti. Ululu unali utatha ndipo fupa linali litagwirana, koma linagwirana mokhota. Mkono unapindikira kunja ngati chogwirira cha ndowa. Ndinkatha kusesa ndi kutsuka mbale, koma kumanga duku kunkandikanika, ndipo dzanja silinkafika kunkhongo. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti wangouma chabe, ufewa.

Mvula itayamba mu Novembala anatiitana kumunda, monga amachitira chaka chilichonse tiyi akaphuka. Tsiku loyamba lomwelo masamba ankagwera m'khosi mwanga ndi pansi. Ndinayesa kuponya ndi dzanja lamanzere lokha, anzanga n'kundisiya kutali pamzere. Akapitawo, munthu wachifundo ndithu, anandiitanira pambali nati, "Mayi, kachireni kaye. Chaka chino ndikumvetsani, koma chaka chamawa mukadzabwera chonchi, malo anu ndidzapatsa wina." Ndinalira njira yonse yobwerera kunyumba.

Ngakhale zinali choncho, ndinakhalabe miyezi ina iwiri osapita kuchipatala, chifukwa cha mphekesera. Amayi pamjigo ankanena motsimikiza kuti chitsulo choika m'fupa mtengo wake ndi wa ng'ombe. Pa onse amene ankanenawo panalibe anaonapo chitsulocho, ngakhale ng'ombe yomweyo panalibe anali nayo, koma ine ndinamvera.

Mu Januwale ndinapita kuchipatala cha pa Boma. Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, kenako anandijambula ekisire. Adokotala a mafupa anaika chithunzicho pagalasi lowala n'kundionetsa. Zidutswa ziwiri za fupa zinali zitalumikizana mopingasa, china chitatembenuka. Anati, "Mukanabwera sabata yomwe munagwa, mwina chikhakha chokha chikanakwanira. Pano fupali liyenera kudulidwa pomwe linakhotera, kuliwongola, n'kulimanga ndi chitsulo ndi misomali yake." Anandilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu ku Blantyre.

Kumeneko, madokotala atandiona n'kuvomera kuti opaleshoni itheka, ndinalimba mtima n'kufunsa za malipiro. Akalaliki a pawindo anandifotokozera mofatsa. Anati pali mbali yaulere ndi mbali yolipira. Kolipira amawerengera chilichonse pachokha: bedi, fiyeta, mankhwala, chitsulo, ngakhale msomali uliwonse, ndipo munthu wanzeru amafunsiratu mtengo wonse asanagonekedwe. Amene ali ndi inshulansi ya zachipatala amayenera kuyamba apeza chilolezo, ndipo dokotala amalemba kuti mkono sukugwira ntchito, kuti asaganize kuti munthu akungofuna kuoneka bwino. Kwaulere simulipira, koma mumadikira. Ndinatuluka ndikudziseka ndekha. Ng'ombe ija inali ya pamjigo basi. Zimene zinafunika kwa ine ndi thiransipoti, chakudya cha gadiyani ndi kupirira.

Panatsala chinthu chimodzi cholemera kuposa zonse. Kwathu munthu sakalowa ku fiyeta mwini mbumba asanavomere. Chikachitika china, mlandu umakhala wa banja lonse. Ndipo mwini mbumbayo ndi yemwe anamanga mkonowo. Atamva kuti akufuna kudula fupa limene iwo analumikiza, a Mukhuna anakwiya. Anati fupa likagwira lagwira, wolithyolanso dala ndi wamisala. Mng'ono wanga Felesiya anandiuza kuti ndingopita mwakachetechete, koma ine sindinafune kugona pampeni ndili ndi mkwiyo wa atsibweni kumsana.

Ndinatenga ekisire ija n'kupita nayo kwawo masana. Sindinatsutsane nawo. Ndinangowapatsa kuti ayang'anire kudzuwa. Anaikweza m'mwamba, anaitembenuza, analondola fupalo ndi chala, kenako anagwira mkono wanga pamalo omwewo. Pomaliza anati, "Esinati, ine ndimamanga ndi manja, mkatimu sindionamo. Awa aonamo. Pita." Tsiku lonyamuka anandikweza okha panjinga yawo mpaka pa siteji ya minibasi, akupalasa pang'onopang'ono ngati anyamula mazira.

Anandigoneka mu Malichi. Moyo wa m'wodi ndi wodikira. M'mawa anamwino amayeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi, madokotala amadutsa bedi ndi bedi, kenako mumayang'ana denga. Felesiya ankagona kumalo a magadiyani ndipo ankandibweretsera phala. Tsiku loyamba limene anandiikira opaleshoni linalephereka ndili wosala kale kudya, chifukwa kunabwera anthu a ngozi ya pamsewu amene anayenera kutsogola. Ndinakhumudwa, koma nditawaona akuwalowetsa ndinasiya kudandaula.

Tsiku lenileni litafika anandigoneka tulo, ndipo ndinadzuka mkono uli m'bandeji, utakolekedwa m'khosi. Ululu wa masiku oyambirira sindingaubise, unali waukulu, koma mankhwala ankathandiza. Adokotala ankabwera kudzandiuza kuti ndikweze dzanja ndi chala chachikulu. Anati pafupi ndi fupalo pamadutsa mtsempha umene umadzutsa dzanja, ndiye ankafuna kutsimikiza kuti uli bwino. Zala zonse zinkamvera. Ekisire yatsopano inaonetsa fupa lowongoka ndi kachitsulo kotalika ngati supuni.

Nditatuluka ndinkapita pa Boma kukachotsa ulusi, kukajambulitsa ndi kukachita mafizo. Anandiletsa kunyamula ndowa kapena kugwira khasu mpaka atandiuza okha. Anandiphunzitsa kuyendetsa zala pakhoma kukwera m'mwamba, tsiku lililonse kupitirira pang'ono pomwe ndinalekezera dzulo. Khoma la nyumba yanga likadali ndi timizere ta makala tosonyeza pomwe zala zinkafika. Mu Julayi ndinamanga duku ndekha, ndipo ndinaitana Felesiya kuti adzaone ngati kuti ndagula chatsopano.

Mvula itagwanso ndinabwerera kumunda. Akapitawo anaima kumapeto kwa mzere akundiyang'ana. Ndinathyola masamba odzadza manja, n'kuponya chammbuyo osacheuka, ndipo ndinawamva akugwera m'dengu. Akapitawo aja anangogwedeza mutu movomereza n'kupita kukaona ena.

Lero ndili bwino. Kukazizira mkono umandikumbutsa kuti muli chitsulo, ndipo chipsera chilipo chachitali, koma ndimagwira ntchito mofanana ndi anzanga. A Mukhuna akumangabe mbuzi. Munthu akabwera atathyoka amamumanga nsungwi zongoti mkono usagwedezeke panjira, n'kumuuza kuti akwere njinga apite kuchipatala akamuone mkati.

Ndiye inu amene mwagwa, chiwalo n'kutupa kapena kupindika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Za mtengo kafunseni pawindo lachipatala, osati pamjigo. Ine ndinataya nyengo yathunthu ya tiyi ndipo ndinagona pampeni, pa fupa limene likanangofuna chikhakha.