Mizere ya pa Mzati wa Kaitano

Mlamu wanga Kaitano ndi mmisiri womanga nyumba kwa Ndamera, ndipo akayamba kudzitama ngakhale mbuzi zimachoka pamthunzi. Sukulu analekeza sitandade folo, koma pensulo siichoka pakhutu pake, kutchalitchi kaya pamaliro. Anakwatira mlongo wanga Juliana, yemwe anapita ndi madzi osefukira a 2015, n'kundisiyira ine ntchito yomvetsera nkhani za mwamuna wake.

Komabe chilungamo chinenedwe, nyumba amazitha. Kwathu kuno madzi akamabwera sachita odi, ndiye Kaitano amakweza maziko, khonde lalikulu, mawindo oyang'anizana kuti kamphepo kadutse. Ali ndi kachitidwe kake. Pakhonde pake pali mzati wa tsanya umene chiswe chinaulephera kalekale. Madzi akasefukira n'kuphwa, iye amatenga kasemasema n'kudula mzere pamene matope alekezera. Munthu akamupatsa ntchito, amadula bango lofika pamzere wapamwamba, n'kuwonjezera chikhatho chimodzi. Umenewo ndiwo msinkhu wa maziko, ndipo sakambirana ndi wina aliyense.

Mwana ali naye mmodzi, Luisa. Atasankhidwa kupita kuyunivesite ku Blantyre kukaphunzira zojambula mapulani a nyumba, Kaitano analengeza kuyambira ku Marka mpaka ku Bangula. Ankati mwana watengera bambo ake. Zimene sankadziwa n'zakuti Luisa anauza anzake kuti bambo ake ndi kontirakitala wa magalimoto awiri. Ine ndinazimva kwa mnzake wina, ndipo ndinangoti laponda lamphawi. Munthu wa njinga yopanda mabuleki ameneyu!

Mwezi wa Okutobala chaka chatha, aphunzitsi a Luisa anatsika mapiri ndi ophunzira awo kudzachititsa semina pa boma pa Nsanje. Mutu wake unali mamangidwe a makolo. Anaitana mafumu, a mabungwe ndi akuluakulu a m'maofesi. Amisiri okha ndiwo anaiwalidwa, poti nkhani inali ya zomangamanga.

Luisa anaimba foni dzulo lake. "Baba, musavutike kubwera. Ndi za Chingerezi zokhazokha, mudzangotopa."

"Pyadidi, mwananga," anavomera Kaitano m'chinenero cha kwathu. Kutacha anavala jekete ya ukwati wake, dzuwa likuswa mtengo, n'kundikokera mu minibasi.

Tinakhala pabenchi yakumbuyo. Luisa atationa nkhope inagwa, ndipo anakwezako dzanja pang'ono ngati akuthamangitsa ntchentche. Kaitano anachiona chimenecho, koma anangokonza kolala.

Mphunzitsi wamkulu anali Dokotala Augustine, bambo wa tayi amene thukuta la kuchigwa linamusandutsa chinkhupule. Kwa ola lathunthu anationetsa pakhoma zipilala za ku Girisi ndi mabwinja a ku Roma, womasulira akupunthwa pambuyo pake. Mafumu anaodzera mwaulemu. Ophunzira ankalemba chilichonse, ndikhulupirira kuti ngakhale kutsokomola kwake kunalowa m'makope.

Kenaka pakhoma panaoneka mzati wa Kaitano, ndi chingwe cha mbuzi chomwe. Zikuoneka kuti Dokotala anadzaujambula Kaitano atapita kukamanga kutsidya ku Mozambiki. Pansi pa chithunzi analemba mawu amene womasulira anati akutanthauza "mmisiri wosadziwika."

Kaitano anandigunda ndi chigongono. "Mlamu, wosadziwika ndani? Ine?"

Dokotala anafotokoza kuti anaufufuza mzatiwo miyezi isanu ndi umodzi. Mizereyo, anatero, ndi makwerero a mizimu ya makolo. Kutalikirana kwake kosafanana kukutsanzira kulira kwa valimba, choimbira cha kwathu. Anationetsanso pulani ya chipatala chaching'ono imene ophunzira anajambula potengera luso limeneli. Zipilala zake zinali ndi mizere yopaka utoto, yokongola, yotalikirana mofanana ngati ya pa malaya a mpira. Maziko ake anali pansi penipeni, moti nkhuku ikhoza kulowa osadumpha.

Apa mlamu wanga anaimirira. "Pepani a Dokotala. Mzati umenewo ndi wanga. Ndimamangirirapo mbuzi."

Holo yonse inafa nacho chiseko. Wapampando anati mafunso abwera pamapeto, ndipo madala akhale pansi kaye, zakumwa zikubwera. Kaitano sanamuyang'ane wapampandoyo. Anayang'ana Luisa. Ankangofuna mawu amodzi, akuti awa ndi bambo anga. Luisa anaweramira m'kope mwake, akulemba mwakhama zimene palibe amene ankanena.

Munthu amene sanasowepo chonena chibadwire anangokhala pansi. Anachotsa pensulo pakhutu n'kuiika m'thumba. Ndakhala ndikumuseka zaka makumi atatu, koma tsiku limenelo ndinamumvera chisoni, ndipo mwana wa mlongo wangayo ndinamukwiyira kwambiri.

Dokotala anapitiriza, mtima uli m'malo. Anakulitsa chithunzi cha mzati chija n'kuloza mzere umodzi wakuya kuposa yonse, wooneka kuti unadulidwa kambirimbiri. Apa, anatero, ndi pamene mmisiri anafika pachimake cha chisangalalo. Dzanja linkavina lokha.

Mpando unakhuluka kutsogolo. Luisa anali ataimirira, kope lili pansi.

"Ayi, a Dokotala. Si chisangalalo chimenecho." Anayamba m'Chingerezi, koma chinamuthawa, ndipo anapitiriza m'chinenero cha kwathu. "Mizereyo ndi madzi. Uliwonse ndi chaka chake. Wakuyawo ndi Januwale 2015. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili paphewa pa baba. Amayi anagwira mzatiwo pamenepo, baba atawagwira dzanja linalo. Sakanatha kutigwira tonse awiri."

Womasulira anatembenuzira Dokotala mawuwo m'Chingerezi monong'ona.

"Chaka chilichonse mu Januwale amadzuka m'mamawa n'kukaudulanso. Amayesa sindiona." Anatembenuka n'kuloza benchi yathu. "Mmisiriyo ndi wodziwika. Ndi awo avala jeketewo, a Kaitano Lazaro, bambo anga. Galimoto alibe. Ndipo chipatala tajambulachi, madzi adzalowera pawindo."

Dokotala anapukuta magalasi nthawi yaitali. Kenaka anati zimenezi n'zochititsa chidwi kwambiri, ndipo zikugwirizana ndithu ndi zimene iye amaganiza. Anthu ophunzira sagwa, amangokhala pansi mofulumira. Anapempha kuti madala abwere kutsogolo anenepo mawu.

Ndinadziwa kuti tagona pomwepo, poti Kaitano akapatsidwa bwalo salibweza. Koma anangopempha kuti abwezere pulani ija pakhoma, n'kupita pomwepo, n'kutulutsa pensulo ija, n'kulemba kamzere pamwamba pa mawindo a chipatala chawo.

"Maziko afike apa," anatero. "Takhuta," anathokoza mwa kwathu. Pensulo inabwerera pakhutu.

Mu minibasi Kaitano sanayankhule kuchokera pa boma mpaka kwa Ndamera, chinthu chimene sichinachitikepo. Tsiku la maliro anangondiuza kuti madzi anamutenga Juliana, ndipo sindinafunse zambiri. Titafika kwa Kaitano, njinga yanga inali pomwe ndinaisiya m'mawa, pomwe ndakhala ndikuiyedzeka zaka zisanu ndi zinayi, chogwirira chake chitatsamira pamzere wakuya uja. Ndinaichotsa n'kukaigoneka pansi pabwalo.